Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene Agogo anandiletsa nthungululu

Zikomo nonse amene munandilembera pa gawo lapita lija. Ambiri mukufunsa chimene ndinakanira ntchito yamalipiro abwino ija n'kukhalabe ndi Agogo aja ndinkawasamala ku South Bend, ku America. Achimwene mpaka lero amati ndinapusa. Muwerenge bwino, Achimwene.

Zaka zoyambirira zinangotha ndi kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kukangana za mchere. Zakwawo sankazikamba. Ndinkangodziwa kuti anabadwira ku Mississippi, kuminda ya thonje, n'kusamukira ku Chicago ali mtsikana.

Ndiye unabwera mlandu wa Derek Chauvin, wapolisi uja anapanikiza khosi la George Floyd, munthu wakuda, ndi bondo mpaka kumupha ku Minneapolis mu May 2020. Tinkautsatira pa TV. Pa 20 April 2021 jaji atawerenga kuti wapezeka wolakwa pa milandu yonse itatu, ine nyamu, nthungululu pabalaza. Agogo ali duu. Kenako anati, "Mwana wanga, takhala pansi."

Madzulo amenewo ndi pamene anandiuza za Emmett Till. Anali mnyamata wa zaka 14 wa ku Chicago, amene anapita kukacheza kwa abale ku Money, Mississippi, mu August 1955. Anamuneneza kuti wachita chipongwe mayi wachizungu m'golosale. Usiku mwamuna wa mayiyo, Roy Bryant, ndi m'bale wake J.W. Milam anabwera kudzamutenga pamphasa. Mtembo wake unapezeka mumtsinje wa Tallahatchie atamumangirira chitsulo cholemera m'khosi ndi waya waminga. Mayi ake, Mamie, anakana kutseka bokosi pamaliro kuti dziko lonse lione nkhope ya mwana wawo. Agogo nthawi imeneyo sanali ntchembere ayi, anali kamtsikana, msinkhu umodzi ndi malemuyo.

Mlandu unazengedwa ku Sumner mu September chaka chomwecho. Apa ndi pamene mawu a Agogo anayamba kunjenjemera. Mose Wright, amalume a mayi ake a mwanayo, munthu wachikulire wolima thonje, anaimirira m'khoti lodzaza azungu n'kuloza ndi chala anthu amene anabwera kunyumba kwake usiku uja. Munthu wakuda kuloza mzungu ku Mississippi masiku amenewo kunali kudzikumbira manda. Mlandu utatha anathawira ku Chicago. Gulu la anthu 12 ogamula mlanduwo linali la amuna achizungu okhaokha, ndipo linakambirana mphindi 67 basi n'kuwamasula onse awiri. Mu January 1956 awiriwo anavomera m'magazini ya Look kuti anamupha, atalandira ndalama. Palibe chinawachitikira, chifukwa malamulo a ku America salola kuzenga munthu mlandu womwewo kawiri khoti litamumasula.

Agogo anandiyang'ana n'kufunsa: "Ku Sumner mboni inaona ndi maso, inaloza, sizinathandize. Lero zatheka chifukwa kamtsikana ka zaka 17 kanajambula pafoni. Foniyo ikanakhala kuti inathima, ukanaimba nthungululu zakozo?" Sindinayankhe. Ndinawapukuta misozi, ndinawamwetsa mankhwala, ndinagona pampando pafupi ndi bedi lawo. Sabata yotsatira ndi imene anthu a ntchito ija anandiimbira. Munthu atakutsegulira chifuwa chotere, ungamusiyire mlendo woti ayambirenso kufunsa kuti tiyi amamwa wotani?

Tsono inu bambo amene munalemba kuti ndikunyoza dziko limene likundidyetsa: sindinena dzina lanu, mukudzidziwa. Agogo atandifunsa ngati kwathu kulibe zotere, sindinawabisire. Ndinawauza za Orton Chirwa ndi mayi Vera, amene khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983 popanda loya wowaimira, ndipo bambowo anadzafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati zakwathu ndimazinena, za kuno ndizinenanso.

Chauvin anamugamula zaka 22 ndi theka mu June. Agogo anangogwedeza mutu n'kupempha phala. Kuchokera pamenepo anayamba kufooka, ndipo ana awo aja, amene Khirisimasi yokha ndiyo inkawakumbutsa njira, anayamba kubwera pafupipafupi n'kumandifunsa za makiyi a kabati. Zimenezo ndizilemba gawo lotsatira, mtima ukakhala pansi.