Zikomo kwa inu nonse amene munandidzutsa pa Bembeke mpaka kundibwezera pamsewu

Loweruka lapitali ndinatsika msewu wa Khwekhwelere kuchokera pa Masasa mpaka ku Golomoti ndikuyendetsa ndekha. Denga la galimoto linali litapindidwira kumbuyo, mayi akunyumba ali pambali panga atamanga duku lawo zolimba kuopa mphepo. Titafika pa khona lina pomwe chigwa chonse chimaonekera m'munsi, ndinaima pambali n'kuzimitsa injini, ndipo kwa kanthawi pakamwa panga panalibe mawu. Ndili chigonere m'chipatala ndinalonjeza mumtima kuti tsiku limene ndidzatsikenso phiri limeneli ndi miyendo yanga iwiri ikugwira ntchito, ndidzathokoza poyera, onse amve. Lero ndikukwaniritsa lonjezo lija.

Ambiri a inu kuno ku Dedza mumandidziwa ndi njinga yamoto. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zoposa 30, ku Linthipe, ku Mayani, ku Lobi, pomaliza ku Bembeke. Nthawi yaitali ndinkayendera Yamaha AG 200 ya kuntchito, ija yokhala ndi keriyala kutsogolo ndi kumbuyo, tcheni chake chotsekeredwa kuti matope asalowe. Ndinanyamulirapo mbewu ya kachewere, mankhwala opopera, nthawi zina mayi wodwala wopita kuchipatala. Nditapuma pantchito ndinabweza njinga ya boma n'kugula yanga, Yamaha DT 125 yakale, yofuka utsi wa oyilo wa 2T, imene ana a m'dera lathu ankaizindikira ndi kulira kwake ndisanatulukire n'komwe. Anthu ankati ndi thiransipoti chabe. Kwa ine sinali choncho. M'mawa wa mu Juni, chisanu cha ku Dedza chikulowa m'magolovesi, fungo la mitengo ya paini likuchokera m'phiri, ine ndili panjinga, ndi pamene ndinkamva kuti ndili moyo.

Mu Juni 2023, m'mamawa, chifunga chitatseka msewu wa M1 chapafupi ndi Bembeke, mbuzi zinadumphira mumsewu. Ndinagwira buleki, tayala lakutsogolo linaterereka, zotsatira zake sindikuzikumbuka bwino. Fupa la ntchafu yakumanzere linathyoka, phewa linaguluka.

Ndiyambe ndi inu anyamata a kabaza. Anthu amakunenani zambiri, nanenso ndinkakukalipirani pa nkhani yoyenda opanda zisoti. Koma ndinu amene munayamba kufika. Mmodzi anaima pakati pa msewu m'chifunga muja akukupiza jekete kuti malole asandiponde, wina anathamanga kukaitana galimoto, wina anandiletsa kudzuka, akuti, "Madala, musagwedezeke, gonani chomwecho." Pambuyo pake adokotala anandiuza kuti kusandigwedeza kuja kunathandiza kwambiri. Njinga yanga munaisunga, foni ndi chikwama cha ndalama munakapereka kwa akunyumba osachotsamo ngakhale kobiri. Mayina anu sindinawagwire. Ngati uthengawu ungakupezeni, dziwani kuti m'nyumba mwathu timakutchulani popemphera. Chimodzimodzi inu mayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu amene munavula chitenje chanu n'kundifunditsa m'chisanu chija. Chitenjecho tinachapa, chili m'sutikesi mpaka lero, chikudikira mwini wake.

Kwa madokotala amene anandiika chitsulo m'mwendo, anamwino amene ankanditembenuza usiku, ndi mtsikana wa fiziyo, wondichititsa masewera olimbitsa mwendo, amene sankandimvera chisoni chabodza, zikomo. A mphakati wathu, munkabwera Lachinayi lililonse ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Pamene munachotsapo, Mulungu abwezerepo.

Mwendo unachira pang'onopang'ono, koma chimene chinandidwalitsa kwambiri chinabwera pambuyo. Adokotala anandikhazika pansi n'kunena mosabisa kuti mwendo uwu sungathenso kuchirikiza njinga poima, ndipo ndikadzagwanso pa msinkhu wanga, mwina sindidzayendanso. Ana anga anagwirizana nazo. Njinga inagulitsidwa. Tsiku limene wogulayo anailiza n'kutuluka nayo pageti, ndinalowa kuchipinda osatulukanso mpaka madzulo. Miyezi yotsatira ndinkangokhala pakhonde. Nsima ndinkangoigwiragwira. Ndikamva njinga ikudutsa ndinkatembenukira kukhoma. Ndikulemba zimenezi chifukwa abambo ambiri a msinkhu wanga sanena, amangofota mwakachetechete, achibale n'kumati ndi ukalamba.

Amene anaona kuti si ukalamba anali mdzukulu wanga wamkulu, amene akuphunzira zokonza magalimoto ku Lilongwe. Anabwera pa tchuthi, n'kukhala nane pakhonde paja, n'kunditsegulira foni yake. "Agogo, taonani kagalimoto aka." Kanali kakang'ono, kofupika, ka mipando iwiri, denga lake lansalu lopindika. Anati dzina lake ndi Mazda MX-5, koma ku Japan amangoti Roadster. Anandifotokozera kuti anayamba kuipanga mu 1989 mumzinda wa Hiroshima, ndipo pofika 2016 anali atapanga zokwana 1 miliyoni, kotero si galimoto ya anthu olemera okha ayi, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Kulemera kwake n'kongopitirira pang'ono tani imodzi. Injini ili kutsogolo koma mphamvu imapita kumatayala akumbuyo, monga momwe njinga imakankhira ndi tayala lakumbuyo. Kenaka ananena chinthu chimene chinandigwira mtima. Anati amene anaipanga ankatsata mawu a Chijapani akuti jinba ittai, kutanthauza wokwera ndi hatchi yake kukhala thupi limodzi. Ndinamuyang'ana mwanayo. Zaka zonsezi ndinkalephera kufotokozera anthu chimene ndinkamva panjinga, ndiye anthu a kutali chotero anali nacho kale ndi dzina lake.

Mdzukulu wanga, iwe sunandiuze kuti ndiiwale njinga. Unandifunira china chokhala ndi mphepo yomweyo koma choima chokha pa matayala anayi. Ndakuthokoza, mwana wa mwana wanga.

Poyamba tinkaganiza zoitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Tili mkati mowerengera, mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo yonse ya m'madola inathawa. Kuwonjezera apo galimoto ikakhala yakale msonkho wake wolowera m'dziko umakwera. Ndinataya mtima. Koma mpongozi wanga anapitiriza kufunsafunsa pa Facebook ndi kwa anzake, mpaka anamva za ina imene inali itaima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba ina ku Lilongwe. Inali ya 2001, injini ya 1600cc, magiya asanu osintha pamanja, yobiriwira modera. Matayala anali ataphwa, denga litang'ambika ndi dzuwa.

Anthu ambiri akhala akundifunsa kuti wopuma pantchito ngati ine ndalama zogulira galimoto yotere ndinazitenga kuti, ndiye ndifotokoze. Kuno kwathu galimoto timaiyeza ndi zimene inganyamule. Sienta imakwera mtengo chifukwa imasanduka takisi, Probox chifukwa imanyamula matumba. Galimoto ya mipando iwiri, yosatha kunyamula ngakhale matumba awiri a feteleza, yosalowa mumsewu wa kumudzi, ndani angaifune? Mwini wake anali atasowa wogula kwa nthawi yaitali. Anandigulitsa pa mtengo wotsika kuposa wa Vitz yoyenda, ndipo atamva nkhani yanga anandilola kulipira kawiri. Ndalama zake zinali za njinga ija, za kachewere wa chaka chimenecho, ndi zimene ana anga anasonkha. Bambo inu, munachita ngati mbale. Zikomo.

Ntchito yeniyeni inagwiridwa ndi amakaniko anga a pa boma pano, bambo amene akhala akundikonzera njinga kuyambira kale. Ataiona koyamba ili pa lole anaizungulira kawiri, n'kunena kuti, "Achimwene, yotereyi sindinaigwirepo, koma injini ndi injini." Anasintha lamba wa taimingi, pampu ya madzi, radiyeta, mapaipi onse a labala, mabuleki ndi kilatchi. Zina tinazipeza ku Lilongwe, zina mdzukulu anaitanitsa pa intaneti n'kudikira masabata. Sanandithamangitse pa malipiro ngakhale tsiku limodzi. Ndipo ankandilola kukhala pa benchi m'galaja mwawo tsiku lonse, ndikuwapatsira masipanala. Mwina iwo sakudziwa, koma kuchira kwanga kwenikweni kunayambira pa benchi imeneyo, manja anga atadanso ndi oyilo. Denga anasoka ndi mnyamata wosoka matenti a malole ndi mipando ya minibasi. Anamasula lakalelo mosamala, n'kuliyala pansi ngati patani ya telala, n'kudula latsopano. Mvula ya chaka chino yaliyesa, silikudontha.

Panalinso nkhani ya laisensi. Moyo wanga wonse ndinali ndi ya njinga yokha, kotero ndinayenera kukalowa sukulu yoyendetsa galimoto kuti ndipeze ya Code B, ndili ndi zaka 65, pamodzi ndi achinyamata a msinkhu wa adzukulu anga. Vuto linali mwendo wakumanzere, womwe uja wachitsulo, chifukwa ndi umene umaponda kilatchi. Mtsikana wa fiziyo uja atamva, sanandiletse. Anandipatsa ntchito yoponda mpira wophwa pang'ono nditakhala pampando, m'mawa ndi madzulo, mpaka mwendo unalimba. Mphunzitsi wanga wa galimoto anali wodekha modabwitsa. Galimoto ikazima pa chitunda ankangoti, "Palibe kanthu bambo, tiyambirenso." Nonse awiri, Mulungu akusungeni.

Ndikudziwa kuti ena sanakondwe nazo. Mawu anandipeza akuti mkulu ngati ine ndikanagula galimoto yothandiza pamaliro ndi pa matenda, kapena ndikanaika ndalamazo m'munda. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa mfundo yawo ndi yoona ndipo inandisowetsa tulo. Galimotoyi ndi yofupika kwambiri, pa mahampu ndimadutsa chopingasa komanso pang'onopang'ono, ndipo nthawi ya dzinja kumudzi kwathu siingafike. Mafuta imamwa kuposa njinga, ndipo m'masiku a mizere ya petulo inakhala masabata osatuluka. Msewu ukanyowa imafuna ulemu, chifukwa ukaponda moto mopupuluma pa khona kumbuyo kumatha kuterereka. Zonsezi ndinazidziwa ndisanagule. Koma mlamu wanga, mchimwene wawo wa akunyumba, anayankha m'malo mwanga pa msonkhano wa banja. Anati, "Alamu awa atumikira anthu moyo wawo wonse, aphunzitsa ana, amanga nyumba. Tinatsala pang'ono kuwaika m'manda ali moyo pakhonde paja. Asiyeni." Alamu, mawu amenewo sindidzawaiwala.

Kwa anzanga okwera njinga amene msinkhu ukupita, ndinene zimene ndapeza. Si chimodzimodzi ayi, ndisakunamizeni. Pa khona supendekeka ndi thupi, ndipo tinjira ta m'minda tija ndatsanzikana nato. Koma umakhala pafupi ndi phula, chiwongolero chimakuuza zonse zimene matayala akumva, giya ndi yaifupi yolowa ndi dzanja limodzi mopepuka, ndipo denga likatsika fungo la dziko limakupeza. Ukamadutsa pa Lizulu umamva anyezi ndi kabichi, umamva amayi akuitanira malonda, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique. Siyofuna liwiro kuti uikonde. Ine sindithamanga, ndipo lamba ndimamanga ndisanalize injini.

Ndasungira kumapeto mayi akunyumba. Amayi, zaka zonse zimene ndinkayenda panjinga simunagone mpaka mutamva kulira kwake pageti, ndipo simunakwerepo ngakhale kamodzi chifukwa cha mantha. Inu ndi amene munagona pansi pa simenti m'chipatala ngati gadiyani, mukundisambitsa ngati mwana. Munali ndi zifukwa zonse zokanira galimotoyi. Koma usiku wina munatulutsa ndalama zanu za banki mkhonde, zimene munkasungira malata a khitchini, n'kuziika patebulo. Munati, "Bambo, gulani matayala abwino, osati akaunjika. Ndipo mpando winawo ndi wanga."

Loweruka lija pa Khwekhwelere, nditazimitsa injini, munatsegula fulasiki n'kundithirira tiyi, tikuyang'ana chigwa cha Golomoti ndi nyanja ikuoneka mwa chizimezime patali. Munandifunsa kuti, "Kodi ndi zimenezi zimene munkaona zaka zonsezi?" Ndinavomera ndi mutu. Munakhala chete pang'ono, kenaka munati mwezi wamawa tidzapitirire mpaka ku Mua, mukaone malo osungirako zachikhalidwe a Kungoni amene mumangowamva. Ndauza kale amakaniko kuti ayang'ane mabuleki sabata ino.