Chambo cha 1994 chinandipeza pansi pa mtengo wa mango

Anthu akandifunsa kuti nzeru zolembera mabuku a ana ndimazitenga kuti, ndimakhala ndi yankho lochapa kale, lositasita, lija lopita nalo pa wailesi. Ndimati agogo anga. Ndimati madzulo tikatha kudya tinkakhala pa mkeka, kamphepo kochokera ku Shire kakuwomba, agogo n'kuti "Padangokhala!" ife "Tili tonse!" basi mtima wolemba unabadwira pompo. Si bodza kwenikweni, kungoti ndi choonadi chosamba, chodzola mafuta. Choonadi chenichenicho chimanunkha utsi wa nsomba, ndinachibisa zaka 30, kenako mwa uchitsiru wanga ndinadzachisindikiza ndekha, ndi ndalama zanga, makope 500.

Tiyambe ndi 1994. Chaka chimenecho ndi chija sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, tinadzadza ngati usipa mu chilimira, ena ndevu zili mbuu mu Sitandade 1, makalasi osakwana mpaka ife a Sitandade 3 tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atakoleka pa nthambi. Kwathu ndi kutsidya, mukawoloka Shire pa boma la Mangochi n'kulowera njira ya ku Malindi. Ine ndi achimwene anga tinkakhala kwa agogo akuchikazi, tinkagona m'kanyumba kamodzi kaudzu, iwo kukhoma ine kukhomo.

Nde amayi aang'ono anapeza mwamuna, munthu wa ku Namwera, ndipo akwawo amabwera Loweruka kudzaonekera. Agogo anagula chambo chimodzi chachikulu, chija chong'amba pamsana, anachiwamba okha tsiku lonse osalola munthu kuyandikira, mafuta akudontha pa moto kuti tswii tswii, fungo mudzi wonse. Chambo chinali chitayamba kale kusowa nthawi imeneyo, ku Malombe asodzi ankangodandaula kuti chatha, ndiye sichinali chinthu choti mwana ngati ine n'kuchiona pa mbale. Ife zathu zinali usipa ndi thelele. Agogo anachiika m'lichero, kuvundikira ndi mbale, kukweza pa nsanja ya kukhitchini, nkumapita ku maliro mudzi wina Lachisanu masana.

Ine ndinangofuna kulawa kamchira kokha, Mulungu ndi mboni. Koma chambo chowamba sichilawidwa, amene anakulira kunyanja akudziwa. Ukanyema kamchira pamaoneka poipa, nde umati ndilinganize mbali inayi, ukalinganiza mbali inayi pakati pamatsala ngati chilumba, mmene ndinkadzidzimuka ndinali kuseli kwa mlambe, manja ali noninoni, kutsogolo kwanga kuli minga ndi mutu basi. Minga ndinakwirira. Mutu ndinalephera kutaya, inu mutu wa chambo ndi wotaya? Ndinati uwu ndidya mawa. Ndinathamangira m'nyumba, kope loyamba kuligwira ndinang'amba pepala, kukulunga mutu uja n'kusomeka m'denga, mu udzu. Sindinaone kuti kope lija linali la achimwene la masamu, pepala lake lili ndi dzina lawo pamwamba komanso 2/10 ya bolopeni yofiira, ndipo sindinaganizenso kuti pamene ndasomekapo ndi pamutu penipeni pa mphasa yawo.

Usiku nyerere zinapeza mutu uja. Cha m'ma 2 koloko achimwene anadzuka akukuwa, nyerere zikugwa kuchokera kudenga ngati mvula ya Januwale, kumaso, m'makutu, agogo anabwera ndi koloboyi, kuunika m'mwamba, kusolola kaphukusi kaja. Sanalankhule. Anangofunyulula, kuyang'ana mutu, kuyang'ana pepala, n'kuitana amayi aang'ono kuti awerenge dzina. Kamtengo ka bwemba kanathyoledwa usiku womwewo. Ine ndinali nditafunda chitenje mpaka kumutu ndikuliza mkonono wabodza, mkonono wake wamphamvu woti munthu wa zaka 9 sangakhale nawo.

Alendo a ku Namwera anadyera nsima nkhwani wotendera. Banja lija linatha patapita zaka zitatu ndipo agogo mpaka lero amati linayamba ndi tsoka la ndiwo. Achimwene anapatsidwa dzina, Che Mutu, ndipo dzina la ku Mangochi likakumata silichoka ndi sopo. Pano ndi bambo wa ana asanu, ali ndi njinga yamoto, amagula nsomba ku Makanjira kudzagulitsa pa boma, koma pa msika ukafunsa dzina lawo la pa chitupa palibe akudziwa. Ana awo kusukulu ndi ana a Che Mutu. Iwo anakana mlanduwo kwa zaka ziwiri zitatu kenako anatopa, anayamba kungoseka nawo, mwina mpaka anafika pokhulupirira kuti anadyadi ali mtulo.

Ine ndinapita kusekondale, kukoleji, ntchito ku Blantyre, ndikulemba timabuku ta ana tiwiri tija ta kalulu ndi njovu tomwe ngakhale ana anga sanamalize kuwerenga. Mnzanga wina mphunzitsi anandiuza mosapsatira kuti amwene, nkhani zanu zilibe fungo, mukulemba nthano za eni ake, lembani chinthu choti chinakuwawani inuyo. Ndinaganiza usiku umodzi wokha. Kutacha ndinalemba nkhani ya kanyani kakang'ono komwe kanaba chambo cha Gogo Fulu, kukulunga mutu m'pepala la masamu la mkulu wake, kusomeka m'denga, nyerere n'kugwa. Inatuluka ngati madzi a pa mpopi, sindinafufute ndi liwu limodzi lomwe. Ndipo ndinadziuza kuti ndasintha anthu kukhala nyama, ndani angazindikire? Kumapeto kanyani kamaulula, kupepesa, onse n'kukumbatirana. Mbali imeneyo yokha ndi imene ndinapeka.

Kusindikiza kunandidya, paja kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala linakwera ngati likuchokera kumwamba, koma ndinalimba mtima. Nde chaka chathachi ahedi a pasukulu yomwe ndinaphunzira anandiimbira kuti bwerani mudzawerengere ana, aone kuti munthu wa konkuno akhoza kulemba buku. Ndinavomera mwachangu. Ndinafunsa kaye mochenjera kunyumba kuti achimwene ali kuti sabata imeneyo, anati ali ku Makanjira, abwera mwezi wamawa. Agogo maso anasiya kuona, satuluka. Ndinati bho.

Ndinatsika minibasi pa boma nditavala jekete, ku Mangochi, mwezi wa Okutobala, dzuwa loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Katoni ya mabuku pa kabaza mmodzi, ine pa kabaza wina, kudutsa pa chipilala cha wotchi chija cha Queen Victoria cha 1903, kukwera mlatho wa Bakili Muluzi, pansi Shire ali phee, anyamata akuwedza m'mabwato, ine mumtima ndikuti mwana wa mudzi wabwera. Thukuta linali litafika kale m'masokosi.

Mtengo wa mango uja ulipobe. Ana anakhala pansi pake mazanamazana, aphunzitsi pa mabenchi, amfumu pa mpando wa pulasitiki, makolo angapo kumbuyo. Vuto loyamba linabwera ndisanatsegule n'komwe buku. Ndinangolikweza m'mwamba kuti aone chikuto, kamtsikana ka kutsogolo kanakweza dzanja.

"Sala, chimenecho si chambo."

Ndinati ndi chambo mwanawe.

"Chambo chilibe ndevu sala. Ameneyo ndi mlamba."

Ana onse gwedegwede kuseka. Ndinayang'ana chikuto chija bwinobwino koyamba, zoonadi, wojambula wanga wa ku Lilongwe uja, munthu woti nsomba amaiona itakazingidwa kale, anachiika tindevu tiwiri. Makope 500. Ku Blantyre palibe anaona, koma apa ndi ana oti atate awo amagona pa nyanja, amadziwa kusiyanitsa chambo, kambuzi, utaka ndi mcheni ali mtulo. Ndinati ndimakuyesani dala, mwakhoza, muombereni m'manja. Ahedi anandiyang'ana ndi diso lija la aphunzitsi.

Ndinayamba. "Padangokhala!" "Tili tonseee!" Aaa inu, zinkayenda bwino. Ndinkasintha mawu, a Gogo Fulu onjenjemera, a kanyani opyapyala, ana ali kukamwa yasa. Nditafika pa tsamba lachinayi ndinamva njinga yamoto ikuima kuseli kwa kalasi, sindinalabadire. Tsamba lachisanu, kanyani kakulinganiza mbali inayi ya chambo, ndinakweza maso ndipo ndinaona achimwene akubwera pang'onopang'ono atagwira agogo pa mkono. Ku Makanjira kuja mwera unavuta, asodzi sanalowe m'madzi, achimwene n'kubwerako msanga, agogo n'kuwauza kuti nditengeni ndikamve mdzukulu wanga wolemba mabuku. Amfumu anapereka mpando kwa agogo. Achimwene anaima pambali atapinda manja, akumwetulira, kunyadira mng'ono wawo.

Apa munthu wanzeru akanatseka buku n'kuyambitsa nyimbo. Ine ndinayesa kudumpha masamba awiri, koma mabuku ena ndinali nditagawa kale kwa ana a Sitandade 7 kuti azitsatira, nde kamnyamata kena kanakuwa, "Mwadumpha sala! Pali pa pepala la masamu!" Ndipo kanaimirira, kufuna kuonetsa kuti kamatha kuwerenga, n'kuwerenga mokweza bwinobwino, liwu ndi liwu, kuti kanyani kanang'amba pepala m'kope la mkulu wake, pepala lolembedwa 2/10 ndi inki yofiira, n'kukulunga mutu, n'kusomeka m'denga pamwamba pa mphasa ya mkulu wakeyo.

Kumwetulira kwa achimwene ndinakuona kukuzima pang'onopang'ono ngati koloboyi wotha parafini. Anatambasula dzanja kwa mwana wina, kulandira buku, kuyang'ana chithunzi. Wojambula yemwe analephera chambo uja, 2/10 yokha anaijambula bwino kwabasi, yaikulu, yofiira.

Agogo ndi amene anayamba. Maso alibe koma makutu ndi a mleme.

"Tabwerezani pamenepo. Mutu anauika kuti?"

Ana onse pamodzi, ngati akuyankha masamu a pamtima, "M'dengaaa!"

"Nyerere zinagwa?"

"Zinagwaaa!"

Agogo anatembenukira komwe kumamveka mawu anga. "Iwe, usiku umene uja sunali mtulo iwe? Si iwe unkaliza mkonono? Za 2/10 unaziona nthawi yanji?"

Paja chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakula, n'chifukwa chake nyanja amaitseka Novembala ndi Disembala kuti chiswane mwamtendere. Inenso ndinasunga kanthu kanga m'kamwa zaka 30, ndipo tsiku lolavula linakwana pamaso pa amfumu, ahedi, komiti ya sukulu ndi ana osachepera 400. Ndinati agogo, ndi nthano chabe, olemba timangopeka. Achimwene anati, mofatsa kwambiri, kufatsa koopsa kuja, "Achimwene, mayeso amene aja anali a long division. Ine 2/10 sindinauzepo munthu. Mwapeka bwanji ndendende?"

Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti "Ee! Kani Che Mutu anafera za eni!" Basi bwalo lonse linaphulika. Aphunzitsi ena anachita kugwada ndi kuseka, amfumu akupukuta misozi ndi chipewa, ana osamvetsa bwinobwino koma akuseka nawo n'kumandiloza, "Kanyani! Kanyani!" Kamtsikana ka ndevu za mlamba kaja kanakwezanso dzanja, ine n'kulakwitsa kukaloza poganiza kuti kandipulumutsa.

"Sala, m'bukumu kanyani kanapepesa. Inuyo munapepesa?"

Ndinagwada pa fumbi ndi jekete langa lomwelo.

Mlandu unakambidwa madzulo pakhonde pa agogo, amalume ali pomwepo, amayi aang'ono anachita kuyitanidwa pa foni kuti amve okha yemwe anawathetsera banja. Ndinayesa kunena kuti bambo a ku Namwera aja ankamwa, banja silinathe chifukwa cha nkhwani, anandiuza kuti wakuba sayankhula pa mlandu. Chigamulo chinali chambo zitatu zazikulu, china cha agogo, china cha amayi aang'ono, china cha achimwene, kuphatikiza petulo wa njinga. Kutacha ndinapita pa msika ndi achimwene omwewo, ndipo anzawo ogulitsa nsomba atamva nkhani, paja inali itafika kale usiku womwewo pa magulu onse a WhatsApp, palibe ndi mmodzi yemwe anandichotserako ngakhale K100. Ndalama yonse ya mabuku amene ndinagulitsa kwa aphunzitsi inathera pamenepo, ndinawonjezeranso ya thiransipoti.

Agogo anawamba okha ngati kale, akulamula ali pa mkeka. Nsima itapsa tinakhala bwalo, aliyense ndi mbale yake, ine anandipatsa nkhwani wotendera. Achimwene anadya chambo chawo mosafulumira, akuyamwa munga uliwonse, akundiyang'ana. Atamaliza anatenga buku langa limodzi, kutsegula tsamba lachisanu ndi chimodzi, kung'amba bwinobwino, kukulunga mutu, n'kundipatsa ndi manja awiri mwaulemu.

"Uwu mudye mawa."

Pobwerera, wakabaza amene ananditenga sindikumudziwa n'komwe, koma titafika pakati pa mlatho anatembenuka n'kufunsa, "Tikakusiyeni pa depoti pomwe, Che Mutu Orijino?"