Sabata imodzi pa upulambala, nditasiya ntchito ya mu ofesi

Anzanga amene tinkagwira limodzi mu ofesi amandifunsabe kuti ndinaganiza bwanji kusiya mpando ndi kompyuta nkupita kukagwira mapaipi a zimbudzi, ena amafunsa mondimvera chisoni koma ena akufunadi kudziwa poti nawonso atopa nazo za mu ofesizi. Nde ndati ndingofotokoza mmene sabata yathayi yayendera. Panopa ndili pansi pa pulambala wina wamkulu amene wakalambira pa ntchitoyi, ine ndimanyamula bokosi la zida, kukumba, kudula mapaipi, tintchito ting'onoting'ono amandisiyira ndekha, ndipo madzulo ena ndimapita ku sukulu ya ntchito zamanja chifukwa ntchito zikuluzikulu amafunsa mapepala.

Lolemba tinaitanidwa ndi mayi ena omwe bilu yawo ya madzi inakwera modabwitsa koma m'nyumba monse osaoneka podontha. Abwana sanatsegule nkomwe bokosi la zida. Anandiuza nditseke mipopi yonse, tinapita pa mita nkuima kumangoyang'ana, kasingano kaja kakuyendabe pang'onopang'ono. Titatseka valuvu yolowetsa madzi m'nyumba mita inaima, kusonyeza kuti paipi yokwiriridwa pansi yochokera pa mita ili bwinobwino, vuto lili mkati. Nde tinayamba kutseka chimodzichimodzi, giza, sinki ya kukhitchini, mpaka tinafika ku toyileti. Anadontheza kautoto ka buluu mu sisiteni, kathanki kosunga madzi oflashira kaja, nkundiuza kuti "achimwene musaflashe, tidikire kaye". Pasanapite nthawi madzi a m'munsi muja anayamba kusanduka a buluu. Labala ya pansi pa sisiteni inali itatha, madzi amangotsetsereka usana ndi usiku popanda kaphokoso kalikonse. Kusintha labalayo ndi mphindi zochepa chabe, ntchito yeniyeni inali kuipeza, wina wopupuluma akanayamba kugumula matailosi a eni ake. Izi nzimene ndimafuna anzanga aja amvetse, ntchito iyi imafuna mutu kwambiri kuposa mmene anthu amaionera, umayamba kaye wafunsa kuti madziwa akuchokera kuti ndipo akupita kuti, sipanala imabwera pambuyo.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinali ku saiti, nyumba yatsopano, kuyala mapaipi otulutsa zonyansa, a PVC a 110mm aja. Apa nde thupi limamva, tsiku lonse uli chiweramire m'ngalande ndi levulo ndi chingwe, pofika madzulo msana ndi mawondo zikuyaka moto. Paipi iyenera kutsetsereka, ife timatsata 1 pa 40, kutanthauza kuti pa mamita 4 aliwonse itsike masentimita 10, ikangogona fulati zonyansa zimakhazikika ndipo eni nyumba azidzavutika ndi kutsekeka chaka ndi chaka osadziwa kuti vuto linakwiriridwa tsiku loyamba. Pansi pake timayala mchenga, mwala umodzi wosongoka ukatsalira umadzaboola paipi dothi likamatsendereka. Mkati mwa nyumba tinaika mapaipi a madzi abwino, a pulasitiki otchedwa PPR, olumikiza ndi moto aja. Makina amatentha mpaka madigiri 260, paipi ya 20mm umaigwiritsa masekondi 5 basi kenako kulowetsa mu elibo mowongoka osapotoza. Ukachedwetsa pulasitiki imasungunuka kwambiri nkupanikiza njira mkati, kunja kumaoneka bwino koma madzi azidzatuluka ofooka mpaka kalekale, ndipo zili m'khoma palibe adzaone. Abwana amandipatsa zidutswa zotsala kuti ndizilumikiza kenako amadula pakati ndi hakiso kuti tione mkati mwake, ine njira imeneyi ndimaikonda chifukwa dzanja limaphunzira msanga.

Mwini nyumbayo amafuna thanki ikhale pa sitandi yaifupi koma shawa izituluka mwamphamvu. Ndinawafotokozera kuti mphamvu ya madzi imachokera ku kutalika kwa pamene thanki yakhala, mamita 10 ndi amene amapereka pafupifupi bar imodzi pa muyeso wa presha, kukula kwa thanki sikuwonjezera kanthu, nde asankhe kukweza sitandi kapena kuika pampu. Apa mpamene zaka za mu ofesi zija zimandithandiza, kulankhula ndi kasitomala modekha, kulemba koteshoni yomveka, kusunga malisiti, abwana masiku ano zimenezi amangondisiyira.

Lachinayi kunali kwa fungo m'bafa. Amene anaika beseni analumikiza paipi yowongoka popanda thirapu, kokhota kaja kamene kamasunga timadzi totseka mpweya wa m'suweji kuti usabwerere m'nyumba. Tinaika, nkhani inatha.

Lachisanu nde zinandikhudza kwambiri, mpaka pano ndikaganiza mtima umandiwawa. Tinapita kukaona giza yomwe amati sikutenthetsa bwino. Titazimitsa magetsi nkukwera kudenga tinapeza kuti valuvu yotulutsa presha wina anaitseka ndi pulagi, eti chifukwa imadontha. Abale, madzi akamatentha amafufuma, kudontha pang'ono kumene kuja nde ntchito yake ya valuvuyo. Thermostat, kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira, ikangofa elementi nkumangotenthetsa osaleka, madzi alibe kothawira, giza imaphulika, ndipo iyi inali pamwamba pa chipinda chogona ana. Kuwonjezera apo thermostat inatsitsidwa kufika pa madigiri 40 kuti asunge magetsi, chomwe chinali chifukwa chake madzi amafunda chabe. Anthu ambiri sadziwa kuti madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45 ndi amene tizilombo ta Legionella timaswana bwino, timalowa m'mapapo munthu akamapuma nthunzi ya mu shawa nkuyambitsa chibayo choopsa, matenda ake anadziwika mu 1976 anthu ambiri atadwala ndi kumwalira pa msonkhano wina ku Philadelphia, ku America. Nchifukwa chake giza imayenera kukhala pa 60. Tinaika valuvu yatsopano ndi paipi yake yotayira panja, ndipo ndinakhala pansi ndi bambo a m'nyumbamo kuwauza kuti "bambo, mukadzaona paipi iyi ikudontha kwambiri mutiitane, koma musadzalole munthu aitseke". Anamvetsa, anachita kuitana ndi akazi awo kuti amve nawo.

Kwa amene mukuganiza zosintha, ndalama poyamba zimatsika ndithu ndipo sizibwera pa deti ngati malipiro a pamwezi, zida umagula chimodzichimodzi, komanso uyenera kulolera kutumidwa ngakhale kumene unachoka unali wotuma anzako. Za fungo ndi zonyansa zilipodi, magolovesi ndi magambuti si zonyadira, koma si tsiku lililonse.

Loweruka tinabwerera ku saiti ija chifukwa omanga amafuna ayambe kupaka pulasitala pa makoma amene tadutsitsa mapaipi. Abwana anakana, ndipo ine ndinagwirizana nawo ngakhale foromani anakwiya kuti tikumuchedwetsa. Tinatseka potulukira ponse, kudzaza madzi, kutulutsa mpweya nkupopa presha ndi pampu ya pamanja, kenako ndinazungulira joini iliyonse ndi kansalu kouma. Geji yoyezera presha taisiya pomwepo ndipo nambala ndailemba pakhoma ndi pensulo, Lolemba m'mawa tikaipeza isanatsike omanga aja apake.