Zikomo anthu a Zomba, zaka khumi zakwana

Loweruka lapitali, pomwe timatsegulanso khitchini yathu ku Matawale, munandipatsa mpata woti ndiyankhule koma mawu anandikanirira pakhosi. Amene munalipo munaona nokha, ndinangoti "zikomo" kawiri n'kukhala pansi. Zomwe zinatsala tsiku lija ndi izi.

Ndiyambe ndi apongozi anga. Amayi, thobwa limene lamanga malo ano ndi lanu. Mu 2014, pamene ntchito ya bambo a kunyumba inatha, ndinu munandiyitanira kuseri kwa nyumba n'kundiphunzitsa kuviika mawere, kuwafunditsa masamba a nthochi mpaka atamera, kuwayanika, kenako kukagayitsa chimera. Ndimakumbukira mmene munandigwirira dzanja n'kuviika chala changa m'phala la mgaiwa. Munati likakuotcha usathire chimera, uchipha. Likazizira kwambiri, sichigwira ntchito. Mpaka lero atsikana anga akuntchito amandiseka kuti ndili ndi makina onse koma ndimadalirabe chala.

Ndinayamba ndi mabotolo makumi awiri m'ndowa yokutira chitenje, kuzungulira ku Chikanda komwe kumagona ana a ku Chanco. Ana asukulu ndi makasitomala ovuta, kunena zoona. Amadziwa kunenerera mtengo kuposa amayi a pa Mpondabwino, ndipo mwezi ukafika pakati onse amasanduka abale ako. Ndipamene ndinagula kope lofiira lolembamo ngongole. Kopeli linakula nane: kuchoka pa thobwa kufika pa nsima ya matemba a ku Kachulu, mpunga wa ku Domasi, madzi a malambe, a bwemba ndi a chidede, mpaka pomwe tinamanga zipinda zinayi zogona alendo.

Za Covid sindichulutsa. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020, Zomba inangoti zii, ndipo amene timadya za ana asukulu ndi za alendo okwera phiri tinaziona. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, ndinaphunzira kuti thobwa silidikira munthu: fuliji ikazima tsiku lonse, mawa lake lasasa, lasanduka chinthu china chomwe ine ndilibe chilolezo chogulitsa.

Koma chimene chinandigwetsa mphwayi ndi Freddy. Mu Marichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osapuma, mtsinje wa Likangala utakwiya, madzi akutsika m'phiri ngati wina watsegula mpopi. Usiku wina khoma la khitchini linagwa. Tinathokoza Mulungu kuti munalibe munthu, chifukwa ena m'chigawo chakummwera chino anataya ana ndi makolo, ndipo ine ndingachite manyazi kuyerekeza khoma langa ndi maliro awo. Kutacha, mnyamata wathu wophika anatulutsa kope lofiira lija pansi pa njerwa. Linali phala. Inki yonse inali itasungunuka, masamba atamatana, osaoneka dzina ngakhale limodzi. Ndinakhala pa chigubu n'kulira, kulirira kopelo kuposa fuliji.

Sindinauze anthu ambiri, koma nkhani ku Zomba imayenda pa kabaza. Sabata isanathe, bambo wina woyendetsa minibasi ya ku Liwonde anabwera ndi ndalama zokulunga m'pepala. Anati, "Mayi, ndinadya mbale zisanu ndi imodzi, musavutike kufufuza." Ine ndimakumbukira zinayi. Aphunzitsi awiri anabwera, ndi mayi wina wogulitsa kaunjika. Kenako foni inayamba kulira, Airtel Money ikulowa kuchokera ku manambala osawadziwa. Wina analemba kuti anamwa thobwa langa pa ngongole zaka zonse ali ku Chanco ndipo tsopano ali pa ntchito ku Lilongwe. Nkhope yako sindikuikumbukira mwana wanga, undikhululukire, koma malata anayi a denga latsopanoli ndi ako. Panalibe amene akanakukakamizani, nonsenu, umboni unali utapita ndi madzi. Alipo ena amene mpaka lero akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Nawonso ndimawapatsa moni.

Amayi anzanga a banki m'khonde, munandibwereka kawiri ndisanamalize kubweza koyamba, ndipo munanditeteza kuti ndisapite kwa akatapila pomwe ndinali nditatsala pang'ono. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama yomwe ndinawerengera matumba khumi a simenti inandipatsa ochepa, ntchito n'kuima miyezi ingapo khoma lili m'chiuno. Inu simunandithamangitse. Amisiri amene munavomera kulipidwa pang'onopang'ono, ndi achimwene anga amene munabwera ndi wilibala yanu Loweruka lililonse, Mulungu akubwezereni.

Antchito anga atatu munakhala nane miyezi iwiri malipiro ali theka, tikuphikira pa mbaula pansi pa lona. Mmodzi wa inu anapeza mwayi wa ntchito ku hotela ina yaikulu ndipo ndinamuuza ndekha kuti apite, iye anakana. Ndimaganizabe kuti analakwitsa, koma ndine wokondwa kuti sanandimvere.

Ndisaiwale anyamata a m'phiri, inu amene mumaima m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe ndi timbale ta masitiroberi ndi mabulosi. Munkanditsitsira zipatso m'mamawa kukali chifunga, ndalama n'kudzatenga Lachisanu. Alendo anga akabwera kuchokera ku Williams Falls kapena ku Chingwe's Hole atatopa, chomwe amayamba kufunsa ndi madzi a zipatso zanuzo, osati zakumwa za m'sitolo.

Bambo a kunyumba, inu ndikuthokozani kunyumba konko.

Kope ndagula lina, labuluu, ndipo mwana wanga wamkazi akuumirira kuti azijambula tsamba lililonse pa foni. Apongozi anga anabwera Loweruka lija atatsamira ndodo yawo, ndinawapatsa kapu yoyamba ya mumphika woyamba wa m'khitchini yatsopano. Anamwa pang'ono, nakhala chete, anthu onse akuwayang'ana. Kenako anati shuga ndachulutsa.