Muvi wa pa tayala langa

Nthawi yapita koma tulo sitikubwera, nkhani yake ndi tayala basi. Ndinagula latsopano lakumbuyo, 26 x 1.95, poti lakale lija mano anatheratu, pamatope njinga imangovina. Ndinakapereka kwa madala ena okonza njinga pansi pa mtengo kuseri kwa msika pa Kasungu boma, ndimawadalira kuyambira kalekale.

Atamaliza kupopa ndikuyang'ana m'mbali mwa tayala paja analemba ROTATION, muvi wosonyeza mbali imene tayala liyenera kuzungulirira ukuloza kumbuyo. Ndinati madala, tayalali mwalitembenuzatu. Iwo osadabwa n'komwe, akupukuta girisi m'manja, akuti aphwanga ndachita dala, bwerani muone. Anandigwiritsa dzino limodzi ndi chala, mbali ina ndi yotsetsereka ina yoima ngati khoma. Akuti ukatsata muvi, yotsetserekayo ndi imene imayamba kugunda pansi ndiye njinga imapepuka pa tala ngati pa M1, ndipo yoimayo imaluma ukagwira buleki. Koma ukalitembenuza lakumbuyo, yoimayo imakumba dothi ukamapalasa pokwera mtunda, tayala silizungulira pamodzimodzi m'matope. Inu simuyenda njira yakumudzi mvula ino? anatero.

Zoona ndimayenda, ndipo zomwe ananenazo ndazimva, si zabodza. Koma ine chimandiopsa ndi potsika, pali chitsetse china tikamayandikira kudambo ndimatsika nditamanga thumba la chimanga pakaliyala, pamenepo ndimafuna buleki yakumbuyo igwire osati kukhwekhwereza. Sindinawauze zimenezi, ndinangoti chabwino madala, n'kulipira. Ndi zimene zikundiwawa mpaka pano, njinga ndi yanga, ndalama ya tayala ndinaisunga movutikira, bwanji sanandifunse kaye? Komanso ineyo bwanji ndinangokhala duu? Masiku ano ndikumangovomera zilizonse, ngakhale kunyumba, mtima ukukana pakamwa pakuti eya.

Likanakhala lakutsogolo bwenzi nditangomasula wilo n'kulitembenuza poti mabuleki anga ndi ogwira pa limu, koma lakumbuyo magiya ali mbali imodzi, ndiye mpaka kuphwetsa, kuchotsa tayala lonse, ndipo ulendo watha ndinaboola chubu ndi supuni.

Njinga ili apa yatsamira khoma, ndaiunikanso ndi tochi ya foni kawiri. Mwina ndiyese kaye mawa pachitsetse paja popanda katundu, kaya. Kunja kwayambanso kuwaza.