Filter failed: pomwe CUPS yayambira kundimvekera

Mtima wakhala pansi tsopano. Mawu awiri aja akuti Filter failed, amene amangooneka pambali pa job (chimene mwatumiza kuti chiprintidwe) popanda kufotokoza kanthu, asiya kundiopsa. Chimene chinkandisowa n'chakuti job imene yatumizidwa pa netiweki ndi fayilo wamba, ndipo fayiloyo imasinthidwa mtundu kangapo isanafike ku printa. Za kuika CUPS (pulogalamu yoyendetsa zoprinta pa Linux), kutsegula port 631 ndi kupanga queue (mzere wa ma job a printa) ndi lpadmin mukuzidziwa kale anzanga, ndizidumpha.

Chimanga sichilowa m'chigayo n'kutuluka ufa woyera nthawi yomweyo. Chimayamba chakonoledwa, mphale iviikidwe, iyanikidwe, kenako igayidwe, ndipo aliyense amagwira pa zimene wam'mbuyo wamusiyira. Mu CUPS ndi chimodzimodzi. PDF ikafika, seva imayang'ana m'mafayilo a .types n'kuitcha application/pdf. Filter (pulogalamu yosintha mtundu wa fayilo) yotchedwa pdftopdf imaisandutsa application/vnd.cups-pdf, ndipo ndi pamenepa pamene masamba amasankhidwa, kuikidwa awiri papepala limodzi kapena kuchepetsedwa kuti akwane. Kenako gstoraster, pogwiritsa ntchito Ghostscript, imasandutsa tsamba lililonse kukhala madontho. Filter ya driver imatenga madonthowo n'kuwalemba m'chiyankhulo chimene printayo imamva, kaya ndi PCL kaya china. Pomalizira pake backend imangonyamula katunduyo kupita naye ku port 9100, ku IPP (njira yolankhulira ndi printa pa netiweki) kapena ku USB.

Mndandanda umenewu palibe amene anaulemba penapake kuti uzitsatidwa. CUPS imaupanga yokha pa job iliyonse. M'mafayilo a .convs mu /usr/share/cups/mime mzere uliwonse uli ndi zinthu zinayi: mtundu wolowa, mtundu wotuluka, mtengo wa pakati pa 0 ndi 100, ndi dzina la pulogalamu. Seva imaphatikiza mitengoyo n'kusankha njira yotsika mtengo kuposa zonse yochokera ku mtundu wa fayilo kukafika ku mtundu umene PPD, fayilo yofotokoza zimene printayo imatha, yanena kuti imalandira. Ndiye ngati mwalemba filter yanu koma sikuitanidwa, kawirikawiri siinaonongeke ayi. Pali njira ina yotchipa imene ikuilambalala, kapena mtundu umene mwalemba pamzerewo sukufanana ndi umene fayilo yapatsidwa.

Nditsindike, chifukwa apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Filter ndi pulogalamu wamba, ngakhale shell script ya mizere khumi imakwana. Imalandira nambala ya job, dzina la wotumiza, mutu, chiwerengero cha makope ndi ma option, motsatana choncho. Chachisanu ndi chimodzi, dzina la fayilo, chimabwera kwa filter yoyamba yokha. Mafilter otsatira onse amawerenga ku stdin, khomo lolowera zimene filter yam'mbuyo yatulutsa. Chimene filter yapanga imalemba ku stdout, khomo lotulukira, zokamba zake imalemba ku stderr, khomo la mauthenga, zoyamba ndi DEBUG:, INFO: kapena ERROR:. Basi. Ikatuluka ndi nambala ina osati 0, uthenga uja wa Filter failed ndi umenewo.

Tengani vuto limene aliyense woyang'anira printa ya color amalidziwa. Ophunzira a ku Chikanda abwera ndi ma assignment, chikuto chili ndi logo ya mitundu, ndipo toner ya color, imene ndi yodula, ikuthera pa zinthu zimene zikanakhala zakuda basi. Mu PPD ya queue, mu /etc/cups/ppd, mumawonjezera mzere uwu:

*cupsPreFilter: "application/vnd.cups-pdf 0 zakuda"

Ndiye mu /usr/lib/cups/filter mumaika script yotchedwa zakuda. Iyang'ane ngati $6, dzina la fayilo lija, ilipo. Ngati palibe, ikopere stdin mu fayilo yongoyembekezera yopangidwa ndi mktemp, chifukwa PDF imafuna kuwerengedwa modumphadumpha. Kenako iitane gs, yomwe ndi Ghostscript ija, ndi -q -dBATCH -dNOPAUSE -sDEVICE=pdfwrite -sColorConversionStrategy=Gray -dProcessColorModel=/DeviceGray -sOutputFile=- n'kufufuta fayilo ija ikamaliza. Mukatero yambitsaninso cups.

Zolakwika zake ndi zomwezomwezo. Script ikhale ya root ndipo chmod ikhale 755, chifukwa CUPS imakana kuyendetsa filter imene gulu kapena anthu ena angathe kuilembamo. Imayenda ngati akaunti ya lp, osati ngati inuyo, choncho fayilo imene ili mu home mwanu mwina siiona n'komwe. Mukailemba pa Windows n'kuisamutsa pa flash, mzere woyamba umatha ndi CR, chilembo chosaoneka chimene Windows imawonjezera kumapeto kwa mzere, ndipo seva imafunafuna sh yokhala ndi chilembo chowonjezera imene kulibe. Echo imodzi yoiwalika imene ikulemba ku stdout imalowa m'kati mwa PDF n'kuiononga, n'chifukwa chake -q ija ndi yofunika, ndipo ine ndimawonjezeranso -sstdout=%stderr. Za makope musazikhudze: pdftopdf kapena printa yeniyeniyo imachulukitsa kale, ndiye script yanu ikachulukitsanso, wopempha makope 3 alandira 9.

Tsono njira imene ndaikonda, ndipo kwa ine imaposa zina zonse, ndi cupsfilter. Mukalemba cupsfilter -p ndi PPD ya queue, -m printer/foo, -e, --list-filters ndi dzina la fayilo, imakuonetsani mafilter onse motsatana popanda kuononga pepala ndi limodzi lomwe. Mukachotsa --list-filters n'kulozetsa zotuluka mu fayilo, mwagwira m'manja zenizeni zimene printa ikanalandira. Kuchokera apo mumayendetsa filter imodziimodzi pamanja, kuipatsa zinthu zisanu zija ndi export PPD, n'kuona ndi file kapena head kuti yatulutsa chiyani. Pamene mtundu wasiya kukhala umene mumayembekezera, wolakwa ndi ameneyo. Ena amayamba ndi cupsctl --debug-logging n'kumasambira mu /var/log/cups/error_log. Log imathandiza, sindikana, koma mizere yake ndi yambirimbiri, pamene cupsfilter imakufikitsani pa bala mwachangu. Ndikanakhala wolemba silabasi, sabata yoyamba yonse ikanakhala ya lamulo limeneli lokha.

Likangomveka ganizo la mitundu ija, mavuto akale amayamba kudzimasulira okha. Printa imene ikulavula masamba a zilembo zosamveka, pamwamba pali %PDF, yalandira PDF yosasinthidwa pamene iyo imamva PCL yokha. Wina watumiza ndi -o raw kapena queue inapangidwa yopanda driver. Mizere yotsetsereka ngati masitepe ndi text ya Linux imene yafika ndi LF (chizindikiro chotsikira mzere wina) yekha popanda CR (chobwezera kumanzere). Ngakhale ŵ wa mu Malaŵi: mu UTF-8 ndi ma byte awiri, C5 ndi B5, ndiye text ikadutsa yosasinthidwa printa imasindikiza zilembo ziwiri zachilendo m'malo mwa chimodzi. Ikadzera mu texttopdf ndipo font yokhala ndi chilembocho ilipo pa seva, imatuluka bwinobwino. Makompyuta a Windows amene amatumiza kudzera pa Samba, pulogalamu yowalumikiza ndi Linux, ndi driver yawoyawo nawonso amafika ndi job yophikaphika, imene seva imangoipatsira kutsogolo, choncho script ya zakuda ija siiwakhudza. Printa yoima n'kumapempha Letter pamene mu tray muli A4 ikungomvera zimene zalembedwa mu job. Letter ndi mamilimita 216 kwa 279, A4 ndi 210 kwa 297, ndipo mankhwala ake ndi media=A4 pamodzi ndi fit-to-page, osati kumenya batani la OK tsiku lonse.

Kuchedwa nakonso kuli ndi masamu ake. Tsamba la A4 pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi) ndi madontho pafupifupi 4960 kwa 7016, kuyandikira 35 miliyoni. Pa byte imodzi dontho lililonse ndi ma MB pafupifupi 35 tsamba limodzi lisanapanikizidwe. Dissertation ya masamba 80 pa kompyuta yakale yosandutsidwa seva, musadabwe ikamatenga nthawi. Kutsitsa kufika pa 300 dpi kumasiya gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka kuphunzitsidwa masana amodzi. M'malo mwake nkhani yoprinta imakankhidwira kumapeto kwa semester, ma slide n'kumatiuza kuti CUPS inalembedwa ndi Michael Sweet, inatuluka mu 1999, Apple inaigula mu 2007, kenako tiloweze tanthauzo la IPP. Zoona zonsezo, koma palibe mphunzitsi amene amatsegula fayilo ya .convs pamaso pa kalasi. Nthawi ya lab ndi yochepa, printa ndi imodzi ndipo siloledwa kuseweretsedwa, magetsi akathima tsikulo lapita. Munthu amamaliza kosi akudziwa mbiri ya pulogalamu koma osatha kuthandiza bureau ya m'tauni muno imene job zake zaima pa mzere.

Pali chimodzi chimene chikundisowetsabe mtendere. Masiku ano mukapanga queue ndi PPD, lpadmin imachenjeza kuti ma driver a mtundu umenewu adzasiya kugwira ntchito m'tsogolo, ndipo a OpenPrinting, amene amasamalira CUPS, akulozera ku IPP Everywhere (kuprinta kopanda driver) ndi Printer Applications (mapulogalamu olowa m'malo mwa ma driver akale). Ganizo la kusintha mitundu likhalapobe, koma mzere wa cupsPreFilter uja umakhala mu PPD, ndipo PPD ndi imene ikuchokayo. Maprinta ambiri a m'maofesi ndi m'mabureau a kuno ku Zomba ndi akale, ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo akhala nafe zaka zambiri. Kaya ndipitirize kuzama pa mafilter a PPD, kaya nthawi yochepa yomwe ilipoyi ndiiponye ku Printer Applications, apa mutu sunakhazikike.