Momwe tinalowetsera faiba kuseri kwa geti ku Zomba

Bizinesi yathu tinaiyamba awiri, ine ndi mlamu wanga, m'kachipinda ka lendi kufupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo ntchito yathu inali kukonza makompyuta ndi kuyala mawaya a netiweki m'maofesi ang'onoang'ono. Ambiri mwa makasitomala athu anali ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College, yomwe masiku ano imatchedwa University of Malawi. Mphunzitsi wina wa kumeneko, amene amakhala m'mudzi wa nyumba zozunguliridwa ndi mpanda umodzi cha kumunsi kwa phiri, ndiye anatiuza kuti kuyambira mu 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 misonkhano n'kusamukira pa Zoom, anthu a m'mpandamo ankathera ndalama pa mabandulo a pafoni, koma netiweki inkangobwera ndi kupita chifukwa cha zitunda ndi mitengo ikuluikulu ya m'deralo.

Faiba yeniyeniyo, chingwe cha ulusi wagalasi chimene intaneti imadutsamo, sinali kutali. Popeza dziko lathu lilibe nyanja yamchere, intaneti imatipeza kudzera m'zingwe za pansi pa nyanja zimene zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, kenako n'kuyenda pamtunda mpaka kuno, ndipo kuyambira mu 2017 boma linagwirizana ndi Huawei kumanga faiba yolumikiza maboma, yodutsa m'mizere ya magetsi ya ESCOM. Lamulo limafuna kuti wogulitsa intaneti akhale ndi chiphaso cha MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, ndipo ife, pochepa mphamvu, tinagwirizana ndi kampani ina yachiphaso kuti ifikitse chingwe chake pa geti, ife n'kupitiriza kuchokera pa getipo mpaka m'nyumba iliyonse. Ndinkayesa kuti tatenga mbali yophweka, popeza inali mamita ochepa chabe poyerekeza ndi ulendo wochokera kunyanja.

M'mpandamo munali nyumba zosapitirira 32, koma okhalamo sanali a mtima umodzi. Ochita lendi ankaifuna intaneti mwachangu, pamene eni nyumba, ena okhala ku Lilongwe ndipo ena kunja kwa dziko, sankafuna kumva zoboola makoma kapena kukumba kapinga. Nkhani yonse inayenera kudutsa ku komiti, imene inatiitana Lamulungu masana. Wapampando wake anali bambo wachikulire wopuma ntchito ya boma, mmodzi mwa aja amene mtima wawo unatsala ku Zomba pamene likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo funso lawo loyamba silinali la mtengo ayi.

"Achimwene, mwati mukumba ngalande," anatero. "Nanga mvula ya kuno mukuidziwa? Ngalandezo zikasanduka mitsinje, tidzakupezani kuti?"

"Bambo, ine ndine wa ku Matawale," ndinayankha. "Mukandisowa pafoni, mukandipeza kutchalitchi."

Anthu anaseka, koma ndikhulupirira kuti yankho limenelo linatigwirira ntchito kuposa mapepala onse amene tinanyamula. Mayi wina, amene wailesi yawo yakanema inapsa ndi mphenzi, anafunsa ngati sitikuwabweretsera tsoka lomwelo. Ndinatulutsa kachidutswa ka faiba, ndinakasenda, n'kukayendetsa m'manja mwa onse kuti aone okha kuti m'kati mwake muli ulusi wagalasi wochindikala mamilimita 0.125, pafupifupi ngati tsitsi la munthu, ndi kuti chimene chimayendamo ndi kuwala osati magetsi. Chingwe chimene tinasankha chinalibe chitsulo chilichonse, choncho mphenzi ilibe njira yoyendamo, ndipo wakuba amene amafuna kopa sapezamo chogulitsa. Ndinawauzanso zimene ogulitsa ena amabisa, zakuti m'njira yotchedwa GPON ulusi umodzi umagawidwa ndi kachipangizo kosafuna magetsi kupita ku nyumba 32 kapena 64, ndipo liwiro la magigabiti pafupifupi 2.5 pa sekondi polandira ndi 1.25 potumiza ndi la onse pamodzi, osati la khomo limodzi.

Komiti inakana mapolo chifukwa cha maonekedwe, ndipo ifenso sitinaumirire, poganizira nthambi zimene zimathyoka m'nyengo yamvula ndi apusi amene amayesa chingwe chilichonse katungwe. Tinasankha zoyala chingwe m'mapaipi apulasitiki pansi pa nthaka, ndipo tinayamba kukumba m'chilimwe cha 2023 ndi anyamata aganyu ochokera ku Chinamwali. Nthaka ya m'munsi mwa phiri ili ndi miyala, moti ntchito imene tinaiwerengera milungu iwiri inatenga yoposa mwezi. Panalibenso munthu amene ankadziwa bwino momwe mapaipi amadzi anayendera, ndipo tsiku lachinayi piki inaboola paipi, mabanja angapo n'kugona opanda madzi. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa tikanayamba takumba timaenje toyesera, ndipo ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa.

Malo amene anatichedwetsa kwambiri anali pa nyumba ya agogo ena aakazi, pamene njira yachidule inkadutsa pakati pa kadimba kawo ka mpiru ndi mtengo wa mapeyala umene anabzala malemu amuna awo. "Mwana wanga," anandiuza mofatsa, "mizu ya mtengo uwu simuikhudza, kaya intanetiyo ndi yagolide." Mlamu wanga ankafuna kuti tikawadandaule ku komiti, koma ine ndinaona kuti tikapambana mlandu umenewo tidzakhala ndi mdani wamuyaya pakati penipeni pa netiweki yathu. Tinazungulira, ndipo kuzungulirako kunali ndi mtengo wake, chifukwa faiba sifuna kupindidwa mwamphamvu: ukaikhotetsa pakona ngati waya wamagetsi kuwala kumathawira kunja kwa ulusi, ndipo nyumba za kumapeto zimalandira mofooka. Tinakumba njira yokhota pang'onopang'ono, tinagula mapaipi owonjezera, ndipo tinasiya nsonga ya chingwe pakhomo pawo ngakhale sanalembetse. Mpaka lero sanalembetse, koma m'nyengo ya mapeyala anyamata athu sachoka m'mpandamo chimanjamanja.

Kulumikiza ulusi ndi ulusi kumafuna makina osungunula magalasi awiri kuti akhale amodzi, ndipo ife tinalibe, choncho tinkabwereka kwa katswiri wina wa ku Blantyre, amene anatiphunzitsanso kuti kafumbi kamodzi pa nsonga ya ulusi n'kokwanira kuwononga ntchito ya tsiku lonse. Koma chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa sichinali fumbi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, tisanaitanitse timabokosi toika m'nyumba ndi marauta, pamene mtengo woikira tinali titagwirizana kale ndi komiti m'makwacha. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Ndinaganiza zobwerera kwa bambo wapampando kukapempha kuti tikweze, koma ndinakumbukira zimene ndinanena Lamulungu lija, ndipo ndinagulitsa njinga yanga yamoto kuti tikwaniritse mtengo umene tinalonjeza. Pa ntchito yoika sitinapeze phindu lililonse, ndipo mapangano athu onse atsopano ali ndi ndime yonena za kusintha kwa kwacha.

Za magetsi tinazithetsa msanga: ngakhale ulusi sufuna magetsi, makina a pa geti ndi timabokosi ta m'nyumba timawafuna, choncho tinaika sola ndi batire pa kanyumba ka alonda, amenenso anapezerapo potchajira mafoni awo. Banja limodzi linasankha Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti imene inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023, ndipo sindilinena, chifukwa kwa munthu wa pa famu yakutali imeneyo ndiyo njira. Koma kumene nyumba zili moyandikana chonchi, ine ndimaona kuti kugawana chingwe chimodzi n'kwanzeru.

Mvula yoyamba itagwa, wantchito wa pa nyumba ina anadula chingwe ndi khasu pobzala maluwa, ndipo nyumba zisanu ndi imodzi zinazimiratu. Amene anatiimbira poyamba anali mlonda wa usiku, eni ake asanadzuke n'komwe. Chipangizo chotchedwa OTDR, chimene chimatumiza kuwala n'kuwerenga mtunda umene kwabwerera, chinatilozera pamalo penipeni, ndipo pofika masana tinali titalumikiza. Bambo wapampando anaimirira pambali nthawi yonseyo ndi ambulera, osalankhula kanthu, ndipo titakwirira dzenje anangofunsa ngati tingaike timiyala topaka utoto m'njira yonse imene chingwe chinadutsa. Tinaika sabata yomweyo. Tsopano komiti ya mpanda wina cha ku Old Naisi yatiitana, ndipo ndawapempha kuti tisanakumane apeze kaye munthu amene anayala mapaipi awo amadzi, ndiponso manambala a eni nyumba onse amene sakhala ku Zomba.